Tizidole ta Asekuru a Pakona

Pa layini yathu ku Redcliff pali asekuru ena, kunena kuti agogo aamuna, Mmalawi wobadwira konkuno, amene kale ankasungunula zitsulo kukampani. Koma ndiye amakonda tizidole, inu! Timaloboti, tianthu ta kumwezi ta mitu ngati maungu, tonse ta m'mafilimu omwe ankaonera ali mnyamata. N'tatsopano koma topangidwa mwachikale, mwana wawo amawatumizira kuchokera ku Joni. Amatipachika pakhoma tili m'mapaketi mwake, ndipo ukangotambasula dzanja kuti ugwire kamodzi amakuwa, "Iwe! Ukakatsegula wakapha!"

Mawu amenewo ndi omwe anawaputira mlandu. Mai Natsai oyandikana nawo atawamva anati, "Hezvo! Chophedwa ndiye kuti n'chamoyo. N'zikwambo izi!" Loweruka anafika ndi azimayi a kumpingo, machesi ali m'manja, akuti tizilombo taufiti timeneti tiwotchedwe basi.

Asekuru sanatekeseke. Anaima pakhomo, kaloboti kali pachifuwa ngati khanda.

"Amai, kodi chikwambo ntchito yake n'chiyani?"

"Kulemeretsa mwini wake, nanga n'chiyani!"

"Ndiye taonani nsapato zangazi." Anatukula phazi, chala chachikulu chikusuzumira kunja. "Chizimireni ng'anjo za kukampani, ndi zomwezi. Ngati izi zili zikwambo, ndiye n'zaulesi kuposa mkamwini wanu uja."

Azimayi aja anaseka mpaka kugwirana m'mapewa, ngakhale Mai Natsai analephera kudzigwira. Pochoka anaiwala machesi pakhonde. Asekuru anawatola n'kukakolezera moto wa tiyi, poti magetsi anali atapita.