Zala za Atate pa Gitala

Dzulo mdzukulu wanga anakhala pakhonde kuno ku Kapata, akuyendetsa zala pagitala: do-mi, re-fa, mi-so. Ndinasiya kusita n'kukhala pansi.

Ndili mwana, Atate ankaliza zomwezo ku Chiparamba masana aliwonse, chitulukire m'chipatala. Ankakwera mpaka do wapamwamba n'kutsikanso, osaimba nyimbo ngakhale imodzi. Chala chikaterereka, waya ankalira ngati bemberezi, iwo n'kuyambiranso.

Ine ndinkaganiza kuti aiwala nyimbo zonse za kwaya. Tsiku lina ndinawabweretsera buku la nyimbo.

"Atate, onani umu, mukumbukira."

"Nyimbo ndikuzidziwa, mwanawe," anatero. "Ndikuphunzitsa zalazi kuyenda."

Ndinaseka, poti zala zilibe miyendo. Iwo sanaseke. Anandiuza kuti ndiwagwirire chala chaching'ono cha dzanja lamanzere pa waya. Chinali chozizira, cholemera ngati cha munthu wina.

Patapita zaka ziwiri analizanso gitala m'tchalitchi, pang'onopang'ono, kwaya ikuwadikira. Ndinamva nditakula kale kuti dokotala anali atauza Amayi kuti dzanja lamanzerelo linafa ndi sitiroko, ndipo silidzagwiranso ngakhale supuni.