Tsiku limene kompyuta inakana kufufuta mayi wa mapasa

Chaka changa choyamba cha ukalaliki pachipatala chaching'ono cha mishoni, kutsidya kwa nyanja, anesi anandipatsa mayina a anthu omwalira kuti ndiwachotse m'kaundula wa m'kompyuta. Asanu ndi limodzi anachoka bwinobwino. Dzina lachisanu ndi chiwiri, la mayi wa ku Makanjira amene anamwalira m'dzinja, linakanika. Ndikadina, pankatuluka mawu ofiira achingerezi. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, koma ayi ndithu.

Ndinaimbira foni mayi amene anatikonzera kaundulayo. Anali Msilamu wa ku Mangochi boma, wolankhula mofatsa, ndipo kwathu ankabwera pa njinga yamoto kamodzi pa miyezi itatu.

"Yawonongeka," ndinatero.

"Sinawonongeke, achimwene. Tandiwerengereni zomwe yalemba, musadumphe liwu."

Ndinawerenga mwachibwibwi. Kumapeto kunali dzina la tebulo la ana, ndiye kuti mndandanda wa ana m'kaundulamo, ndi nambala ya malemuwo.

"Mwamva? Yakuuzani chomwe chavuta ndi pomwe chili. Mwana aliyense m'kaundulamo ndinam'mangirira kwa mayi ake ndi nambala. Simungalembe mwana pa nambala ya mayi amene kulibe, ndipo simungachotse mayi ana ake akadali kuloza kwa iye. Fufuzani nambalayo m'tebulo la ana."

Ndinapeza awiri, mapasa a miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lawo la katemera linali litadutsa kalekale, ndipo panalibe amene anawabweretsa.

Ine, ndi ulesi wanga, ndinafunsa ngati panalibe njira yachidule. Anati ilipo: akanatha kukonza zoti mayi akachotsedwa, ana ake azichoka nawo limodzi mwakachetechete.

"Koma ndinakana dala. Bola ikukwiyitseni inuyo kusiyana n'kuti ana asowe popanda wodziwa. Ndipo omwalira musamawafufute, muzingolemba kuti anamwalira."

Ndinachita manyazi. Ndinapita kwa anesi n'kuwaonetsa mayina a anawo. Anangogwira pakamwa.

Mawa lake mlangizi wa zaumoyo anakwera lole kukawafunafuna. Msewu unali woipa moti anabwerako patapita masiku awiri, matope mpaka m'mawondo. Anawapeza kwa mayi awo aang'ono, amene ankayanika usipa pathandala, mwana wina kumsana, wina ali pamphasa. Mabuku a sikelo anasowa pamaliro, ndiye iwo ankaganiza kuti popanda mabukuwo kuchipatala akawabweza.

Sabata yotsatira mayi aang'onowo anabwera nawo anawo ku katemera. Mmodzi analira chipatala chonse kumva, mnzake anangoyang'ana jakisoni ngati si iye akubayidwa.

Mayi wokonza kaundula uja atabwera ulendo wotsatira, ndinawafotokozera zonse mokondwa, ndikuyembekeza kuti anyadira. Anangoti "Alhamdulillah," n'kukhala pampando wanga. Mpaka nthawi ya swala, pemphero lawo la masana, anali akuwonjezera malo olembapo dzina la wolera mwana, poti anati pamenepo m'pomwe iwo sanaganizepo bwino poyamba.