Nsapato Yanga ndi Nkhope ya Mayi Doreen

"Ndiyang'ane, mnyamata iwe! Ndiyang'ane!"

Ndikukumbukira mawu amenewo kuposa kuzizira kwa tsikulo. Wokuwayo anali Mayi Doreen, mzungu wokalamba, wamfupi ngati mtondo, amene ankagwira chiwongolero cha boti lathu. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinakhala moyang'anizana nawo, nkhafi ili m'manja, maso ali pa nsapato zanga.

Tinali titangofika kumene ku Middlesbrough, m'dziko la Angerezi, ine ndi amayi. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine sukulu inandikana. Zanga zinathera ku pulayimale kwathu ku Ntcheu, za kuno zinkangondidutsa pamwamba. Koma Loweruka lililonse kalabu ina ya opalasa maboti ku Redcar inkatenga ana a kutchalitchi kwathu. Kumeneko kokha ndiko munthu anandiuzapo kuti ndimatha kanthu. Mphamvu ndinali nazo, choncho anandipatsa mpando woyamba, umene opalasa atatu enawo amatsatira.

Boti la kuno n'lachilendo. Opalasa mumakhala chofulatira kumene mukupita. Woona mafunde ndi wowongolera yekha. Mphepo ikakula mawu samveka, ndiye Mayi Doreen ankalankhula ndi nkhope. Akakweza nsidze, funde likubwera, dikirani. Akagwedeza mutu, kokani. Ntchito ya wa pa mpando woyamba inali kuwerenga nkhope imeneyo.

Vuto linali pamenepo. Kwathu mwana sayang'ana wamkulu m'maso. Ndinakula choncho, ndipo khutu langa lamanzere likudziwa mmene ndinaphunzirira. M'mawa womwewo m'basi amayi anali atandikumbutsa.

"Agogo aja ndi aakulu kuposa ine. Usakawatuzulire maso ngati mbuzi ya pamsika. Lero ndilibe shifiti, ndikhala ndikukuona."

Mayi Doreen nawo ananena zawo tisanakankhire boti m'madzi. "Ukayang'ananso pansi lero, mpandowo ndipatsa wina. Sindingapite ndi ana anayi panyanja, wotsogolera wawo asakundiona."

Ndinati chabwino, ndikuyang'ana pansi.

Nyanja tsiku limenelo inadzuka ndi mkwiyo. Madzi anali otuwa ngati phulusa, mphepo ikuluma makutu, mchere ukulowa m'kamwa. Boti linkakwera, n'kugwa phwa! Kumtunda ndinkawaona amayi ataima okha pamchenga, atavala majekete awiri ndi chitenje pamwamba. Sankasuntha.

Kumbuyo kwanga kunali Mabvuto, mnzanga wa ku Zambia. Anandigunda ndi phazi.

"Iwe, nsapatozo ufuna kuzikwatira? Yang'ana ambuya!"

Ndinayesa kugawa pakati. Ndinakweza maso mpaka pa zipi ya jekete lawo, n'kuima pamenepo. Ndinaona ngati ndakondweretsa mbali zonse ziwiri. Koma zipi sidziwa za mafunde.

Nsidze zinakwera, ine sindinazione. Anzanga anadikira, ine ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Funde linagwira nkhafi, chogwirira chinandimenya pachifuwa, ndipo ndinagwa chagada pa maondo a Mabvuto, miyendo m'mwamba ngati nkhuku yoti aisosole. Nsapato ija ndinkaiyang'anitsitsa inavuka, n'kugwera m'nyanja. Boti linapingasa. Madzi anatifika m'akakolo. Kamtsikana ka pa mpando womaliza kanayamba kulira, Mabvuto akuitana amayi ake m'zinenero zitatu.

Ndinadzuka n'kukhalanso. Mayi Doreen anawerama mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda yanga.

"Nsapato yapita. Tsopano uziyang'ana chiyani?"

Ndinawayang'ana. Ndinkaganiza kuti ndipezamo mkwiyo. Munalibe. Maso awo anali kale pamwamba pa mutu wanga, pa funde lina. Nsidze zinakwera, ndinadikira. Boti linakwera bwinobwino. Mutu unagwedezeka, ndinakoka, anzanga n'kukoka nane limodzi. Tinachita choncho mpaka tinatembenuka n'kufika pamchenga. Sindinaphethire n'komwe.

Lero ndine munthu wamkulu, ndimanyamula katundu ku Wakefield. Zoyankhula zambiri ndilibe. Koma ndinazindikira kuti chimene amayi ankandiphunzitsa sichinali kuyang'ana pansi ayi, kunali kumvera wamkulu. M'nyumba mwathu wamkulu umamumvera ndi makutu. M'boti lija umamumvera ndi maso. Mpando uja ndinaukhala zaka zinayi.

Koma tsikulo zimenezi sindikanatha kuzifotokoza. Titakokera boti kumtunda, Mayi Doreen anandigwira dzanja, n'kupita nane kwa amayi, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha.

"Mwana wanuyu lero wandiyang'ana m'maso njira yonse," anatero mosangalala. "Sanachotse maso ngakhale kamodzi!"

Amayi anapinda maondo pang'ono, anamwetulira, anathokoza m'Chingerezi chawo cha kuntchito. Kenako, akumwetulirabe, anatembenukira kwa ine m'Chichewa.

"Njira yonse? Agogo? Chabwino. Nanga nsapato inayo wapatsa ndani? Tikakambirana kunyumba."

"Akuti chiyani amayi ako?" Mayi Doreen anandifunsa.

Onse awiri anali akundiyang'ana. Ndinasowa koika maso. Ndinatola nkhafi yanga, ndinaisenza paphewa, n'kuyamba kutsimphina kulowera kosungira maboti, sokosi ikulira tchwa, tchwa pamchenga.