Kukatula gulu la Esinati ku Likhubula

Ndinanyamuka pa Chinakanaka Lachisanu m'mawa nditapemphera, foni ya malemu mkazi wanga ili m'thumba la jekete. Esinati anali mphunzitsi wa sitandade wani. Ndiye anayambitsa gulu la aphunzitsi la pa foni, momwe amagawana nyimbo zophunzitsira ana kuwerenga, mafunso a mayeso ndi nzeru zina. Chimwalirireni chaka chatha, simunalowenso mphunzitsi watsopano, chifukwa adimini, wolowetsa anthu, anali iye yekha. Ine ndine kalaliki wa ku esiteti ya tiyi, za m'kalasi sindizidziwa, koma foniyo ndinkaitchajabe n'kumawerenga zimene anzake akulemba. Mayi Namakhwa, mphunzitsi wa m'gulumo wa ku Likhubula, amene ndinali ndisanawaonepo, anandiimbira mwaulemu kupempha kuti udindowo upite kwa munthu wamoyo. Ndinawayankha kuti ndiganize kaye, ndipo kuganizako kunatenga miyezi. Ndinkaopa kuti ndikaupereka, dzina la Esinati lifufutika.

Minibasi yopita ku Chitakale inali K1,500. Kondakitala anatikhazika anayi pa mpando wa anthu atatu. "Sunthani pang'ono madala, tonse ndife ana a Mulungu," anatero. Sindinatsutse, poti ananena zoona. Pambali panga panali mayi wachitsikana atafungatira makatoni olembedwa a, e, i, o, u. Anandiuza kuti wangoyamba kumene kuphunzitsa, ndipo ana m'kalasi mwake amadzaza mpaka pakhomo.

"Nanga amakuthandizani ndani?" ndinafunsa.

"Palibe, bambo. Akuti kuli gulu labwino pa foni, koma mwini wake anapita ndi kiyi kumanda."

Sananene mwachipongwe ayi. Ndinangoyang'ana panja mpaka iye anatsika panjira.

Pa Chitakale ndinafika cha m'ma naini. Ndinamwa tiyi ndi chinangwa chophika pafupi ndi siteji, phiri litafunda mtambo mpaka m'chiuno. Wakabaza wa njinga yamoto anatchula K3,000, kenako anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Mukakwera phiri ndi jekete, madala?"

"Ayi, ndikukatula katundu."

Anasuzumira kumbuyo kwanga, sanaone chikwama, ndipo anangoliza njinga. Tinadutsa amayi ogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu, mphepo ikundilizitsa misozi. Pa Likhubula, amuna onyamulira alendo katundu wokwera naye phiri anadzuka atationa, n'kukhalanso pansi atazindikira kuti sindine wokwera phiri.

Kusukulu ndinadikira panja mpaka belu la buleki. Mayi Namakhwa anatuluka choko chili mbuu m'manja, nandipatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pa khonde.

"Pepani ndithu, bambo. Amayi aja sitinaonanepo maso ndi maso, koma mawu awo ngakhale ana anga kuno amawadziwa."

Anandisonyeza podina kuti iwo akhale adimini, koma foniyo sanaigwire. Ndinadina ndekha pa dzina lawo. Ntchito imene ndinaizengereza miyezi yonseyi inatha ndisanapume kawiri. Pomwepo anayamba kulowetsa aphunzitsi amene ankadikira: wa ku Muloza, wa ku Thuchila, wina wa kuseri kwa phiri. Foni ya Esinati inkanjenjemera m'dzanja langa, aliyense akulemba kuti zikomo potilandira.

"Nanga dzina la Esinati m'gulumo?" ndinafunsa.

"Zimenezo zili kwa inu. Mukafuna likhale, likhala. Nyimbo zawo zili kale m'mafoni mwathu, sizichoka."

Ndinaona kuti likakhala, obwera kumene azidzamufunsa mafunso Esinati, n'kumadikira yankho. Ndinawapempha kuti tipemphere. Titatha, anandisonyeza potulukira, ndipo ndinamutulutsa mkazi wanga m'gulu lake ndi chala changa.

Pobwerera ndinayenda pansi kamtunda ndithu ndisanaimitse njinga. Foni inali zii, ndipo sindinama, zinandiwawa ngati tsiku lija tinachoka kumanda. Ndinafika pa Chinakanaka dzuwa litapendeka. Miyezi yonseyi ndinkayesa kuti ndikusunga mkazi wanga, pomwe ndinali nditangokhala pakhomo la ntchito yake, anthu akudikira panja. Iyeyo akumusunga ndi Mulungu. Ine changa chinali kudzuka pakhomopo.