Mzere umodzi wa pachipata

Masiku amene malasha anali pakamwa pa aliyense ku Moatize, ndinkagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yokonza malole. Ine ndinali wa kompyuta. Ndinapanga kachiyankhulo kanga ka pa kompyuta, kophweka, koti bwana wathu, amene tinkamutchula kuti shefi, azilembera yekha malamulo a pachipata osandiitana: kartawu ya wantchito, ndiye kuti khadi yake yolowera, ikakhudza makina, tsegula mpaka ku ofisina kokonzera malole, ya mlendo, athere pabwalo. Ndinkakanyadira ngati mwana woyamba kubadwa, ndipo aliyense wokanyoza ndinkamusungira kukhosi.

Mu ofisinamo munali makaniko wina wakwathu ku Zobue. Atate ake ndi atate anga anabwerera limodzi kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, n'kugwira minda yogundana malire. Ntchitoyo ndinamupezera ndine, ndipo amayi ake ankandiyamika paliponse, ngakhale pakhomo pa tchalitchi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mnzangayo chifuwa chinali chitamugoneka. Kwathu mwini khasu akadwala, mng'ono wake amakalima mzere wake, palibe amafunsa. Ndiye mng'ono wake ankavala ovolosi ndi chipewa cha mkulu wake n'kukalowa pansi pa malole. Amakaniko anzake ankadziwa, koma anatseka pakamwa. Pachipata ankaonetsa kartawu yake ya mlendo, imene anapatsidwa kale pobweretsa chakudya cha masana. Mlonda ankaona nkhope ikugwirizana ndi chithunzi, nyali yobiriwira ikuyaka, basi. Makina ankalemba kuti mkuluyo wabwera ku ntchito.

Masana ena ndikuyesa zinthu, ndinaona kuti kartawu ya mlendo yatsegula chitseko cha ofisina. Zinandiwawa. Ndinayamba kulondola mzere ndi mzere mpaka ndinafika pamene kachiyankhulo kanga kamafananitsa mawu awiri. Kankayenda chilembo ndi chilembo, koma mawu aafupi akatha kankaimira pomwepo n'kunena kuti zafanana. Kartawu ya mlendo inkanyamula dzina la banja lokha, pamene ya wantchito inkayamba ndi dzina lomwelo n'kupitiriza ndi lake. Choncho mlendo wa banja limodzi ndi wantchito ankaoneka ngati mwiniwake.

Dzina la banjalo linali pamaso panga, ndipo ndinalizindikira. Ofisina inali pansi pa masitepe chabe. Ndikanatha kutsika n'kufunsa kuti kodi achimwene ali kuti masiku ano. Koma mtima wanga unali pa cholakwacho, ngati mlenje amene waona mapazi a nyama. Ndinawonjezera mzere umodzi woti kaziyamba kaona ngati mawuwo ndi otalika mofanana. Ndinayesa, zinayenda, ndipo ndinapita kunyumba kwanga ku dera la 25 de Setembro ndikuimba mluzu.

M'mawa mwake, mng'ono uja atakhudzitsa kartawu yake kuti alowe mu ofisina, nyali inayaka yofiira. Mlonda anaitana shefi, shefi anavula mnyamatayo chipewa, nkhani yonse inatulukira poyera. Dzuwa lisanafike pamutu, mng'ono anali kunja kwa mpanda ndipo mkulu analibenso ntchito. Shefi anakwera ku ofesi kwanga n'kundisisita paphewa.

Ndinkadziuza kuti chipata chiyenera kukana mlendo, kuti lole ikanamugwera mnyamatayo tikanalira tonse. Ndi zoona ndithu. Komabe ndikanayamba ndatsika masitepe, mwina tikanapita kwa shefi tonse, n'kupempha kuti mng'onoyo alembedwe poyera. Manja ake ankaidziwa ntchito. Zimenezi zimandidya mpaka lero.

Tsiku lina nditakwera shapa, minibasi ya kwathu, kupita ku Zobue kukaona makolo, ndinapeza mnzangayo atakhala pakhonde la kwawo, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Mng'ono wake anali kumalire a dziko la Malawi, akuthamangira madalaivala ndi mabotolo a madzi. Amayi ake anandiyalira mphasa.

"Mwana wanga, iwe unachita mbali yako," anatero. "Unamulowetsa m'bale wako ntchito. Koma makina alibe chisoni, sadziwa kuti munthu ali ndi mng'ono wake."

Ndinayang'ana pansi. Mnzangayo anatsokomola, kenako anandifunsa ngati kachiyankhulo kanga kaja kakuyendabe bwino. Ndinati eya, kakuyenda.

Potsanzikana amayiwo anandisenzetsa thumba la mbatata ya kachewere, yokumba m'munda wogundana ndi wathu. Ndinakana, iwo anaumirira kuti munthu wothandiza banja sabwerera chimanjamanja. Ndinalinyamula pamiyendo ulendo wonse mpaka ku Moatize.