Khola la Kutsogolo kwa Thirakitala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene abambo anandisandutsa katundu wa thirakitala. Mayi anali atamwalira dzinja lomwelo, ndipo pakhomo pathu, m'mapiri a ku Dowa, tinatsala ine ndi abambo basi. Wachitatu anali thirakitala yofiira, imene inkadya nthawi ya abambo kuposa munthu aliyense wamoyo.

Anaigula ku esiteti ina ya fodya cha ku Madisi itatsekedwa. Ankati kale wogula yatsopano ankasankha yekha zoti amuikire ku fakitale: denga, nyali, ndi zitsulo zolemera zokoleka kutsogolo. Eni esiteti sanafune chilichonse mwa izi, poti minda yawo inali yathyathyathya ndipo ankaweruka dzuwa likadalipo. Choncho inafika kwathu ili mbulanda, abambo n'kuyamba kuiveka. Denga anakhoma la malata, mpando anazula m'basi yakufa, nyali anaika imodzi yokha ya galimoto. Sitata inafa kalekale, motero thirakitalayo inkagona pamtunda, mwala uli kutayala, kuti m'mawa ilire ndi kutsetsereka. Anthu ankaseka kuti cha ku fakitale chimene chinatsala ndi phokoso lokha.

Vuto linali lakuti kwathu si kwathyathyathya. Ikamakoka ngolo yodzaza mabelo a fodya pachitunda, mutu wake unkapepuka, matayala akutsogolo n'kumangonyambita pansi. Zitsulo za ku fakitale zija kunalibe koziona. Abambo ananyamula bedi lachitsulo kupita nalo kwa wowotcherera, ndipo anabwerako ndi khola lomatidwa kutsogolo kwa injini. Pansi pake anayalapo miyala, pamwamba pa miyalayo thabwa. Atayesa ulendo umodzi, anati miyala yokha sikukwana, pakufunika munthu. Munthuyo anali ine.

Poopa kuti ndingagwe, anaonjezera chitsulo chopingasa pakhomo pa kholalo, chomanga ndi bauti. Ndikalowa ankamanga ndi sipanala, n'kuika sipanalayo m'thumba la malaya. Ngakhale kupita kuseri ndinkayenera kukweza dzanja kuti aime adzanditsegulire.

Nyengo yonse yonyamula fodya ndinakhala m'menemo. Kumsana kunkaotcha ndi injini, kumaso kunkazizira ndi mphepo ya m'mapiri, m'kamwa muli fumbi lokhalokha. Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali kudutsa pasukulu pathu. Anzanga ankathamangira kumsewu ali mu yunifolomu, akukuwa kuti nkhuku ikupita kumsika. Ndinkadana nayo thirakitala ija, ndipo masiku ena ndinkadana ndi abambo omwe. Ndikawauza kuti mayeso ayandikira, ankayankha kuti fodya akatha ndibwerera. Fodya atatha kunabwera chimanga, chimanga chitatha kunabwera njerwa.

Madzulo tikafika, oyandikana nafe nthawi zina ankati kunabwera amalume a ku Ntchisi, mlongo wawo wa mayi, ndipo apeza chitseko chotseka. Abambo ankangoti aa, pepani kwa alamu, n'kupita kukasuzumira mafuta. Ine sindinkaganizapo kanthu.

Tsiku lina tinapakira njerwa mopitirira muyeso, ndipo kunali kutawaza kamvula. Tili pakati pa chitunda chachitali chopita kutchalitchi, ndinaona msewu ukuchoka pamaso panga. Ndinayamba kuona nsonga za mitengo, kenaka mitambo. Tayala la ngolo linali litatereraka n'kugwera mu ngalande, ngoloyo n'kukanikiza thirakitala kumbuyo. Injini inatsokomola n'kuzima, mutu uli m'mwamba ngati mbuzi yodya masamba a mtengo.

Thabwa linasuntha, miyala yonse n'kugubudukira pa miyendo yanga. Msana wanga unakanikizidwa pa chitsulo chotentha cha injini. Ndinayesa kudzuka koma chopingasa chija chinali pachifuwa. Ndinamva abambo akudumpha pampando, kenaka nkhope yawo inatulukira pansi panga. Anapisa dzanja m'thumba la malaya, anapisanso kachiwiri. Sipanala inali itagwera m'maudzu.

Anakwera pa tayala n'kuyamba kupotokola bauti ndi zala mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Anatola mwala n'kumenya, koma khola lija analimanga kuti lisamasuke, ndipo silinamasuke. Ankangobwereza kuti, "Usalire, Rozina, usalire." Ine sindinkalira, mpweya wolirira ndinalibe. Amene ankalira anali iwowo.

Amayi ena amene ankakumba mbatata chapafupi anakuwira anthu. Amuna anabwera n'kuyamba kutsitsa njerwa, ena akugwirira thirakitala kuti mutu usagwe mwamphamvu. Unatsika pang'onopang'ono. Sipanala anaitola ndi mayi wina wokalamba, ndipo pomwe ankaipereka anawayang'ana abambo kumaso. Ananditulutsa diresi litamatirira kumsana. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero.

Bala litayamba kuuma, abambo anandiuza kuti ndilongedze zovala ndi makope. Anandikweza panjinga, osati pa thirakitala, ndipo tinauyamba ulendo wa ku Ntchisi. M'zitunda ankatsika n'kumakankha njinga ine ndili pomwepo.

Amalume anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Atalonjerana, anandiuza kuti ndipite kukhitchini, koma ndinaima kuseri kwa nkhokwe. Apo m'pamene ndinamva zimene akuluakulu anagwirizana pamaliro ine osadziwa. Mayi anali atatengedwa chitengwa kukakhala kwa abambo, koma mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume monga mwini mbumba anayenera kudzanditenga.

"Alamu, mwana wanu uyu," anatero abambo. "Ndinkadziwa kuti ndikamusiya pakhomo kapena kusukulu, ndidzapeza mutamutenga. Za kulemera zija ndinkanama. Kamwana aka kangalemeretse chiyani?"

Amalume anati abambo akanangobwera kudzakambirana. Abambo anayankha kuti ankaopa kukambiranako, chifukwa ankadziwa mbali imene mwambo uli. Sanadikire chakudya. Anandisisita m'mutu, n'kukwera njinga osacheuka.

Lolemba lotsatira ndinalowa m'kalasi, ndipo ndinasangalala mpaka kuchita manyazi ndi chisangalalo changacho. Patchuthi ndinkapita ku Dowa. Khola linali litadulidwa, m'malo mwake muli mgolo wodzaza simenti, ndipo thirakitala inkakwera zitunda bwino kuposa kale. Abambo anali ataonda. Ankadzuka okha, kudya okha, n'kumalankhula ndi injini.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti wotsekeredwa ndinali ine ndekha. Lero ndikudziwa kuti munthu wamantha amamangira zitsulo chimene amachikonda, n'kumati akuchiteteza, ndipo amakhulupiriradi zimenezo. Mwana wanga wamkazi atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndinapeza zifukwa zambiri zomukanizira, zonse zomveka bwino: ndi wamng'ono, amadwaladwala, pakhomo pakufunika wothandiza. Ndinazimva zikutuluka m'kamwa mwanga ndi mawu a abambo. M'mawa mwake ndinamuperekeza kudepoti, ndipo basi itanyamuka ndinakhala pansi pomwepo n'kulira pamaso pa anthu.