Buku Lokulungira Zitumbuwa

Kwa a Greenwell Mvula anthu ankapitako atanyamula bango. Bango likafika pakhomo ndiye kuti kwinakwake m'midzi ya kwa mfumu Nkomeshya kwagwa maliro, ndipo utali wa bangolo ndiwo utali wa malemu. Mmisiriyo ankaliyeza pa thabwa n'kuyamba kukhoma bokosi, obwerawo ataima chapatali ngati utuchi umapatsira imfa. Bokosi likatha ankasenza n'kumapita. Wokhala pansi kufunsa za mvula kapena za chimanga panalibe.

Makolo awo anachokera ku Katete iwo akadali kumsana. Anakula ali akatswiri m'kalasi, ndipo atapita ku seminale mudzi wonse unkadzitama kuti wapeza wansembe wakewake. Patatha zaka zinayi anabwerako akutsimphina, atanyamula sutikesi ndi luso la matabwa basi. Anagwa pa makwerero akukonza chingwe cha belu, mwendo n'kupola mokhota, akuluakulu n'kunena kuti wansembe wosapalasa njinga sangafike kumidzi. Nkhani yake inali yomweyo, koma manyazi anawatseka pakamwa, sanafotokozere munthu. Sanakwatire. Makolo atamwalira anatsala okha ndi sowo yawo, ndipo panali masiku ena amene dzuwa linkalowa asanatsegule pakamwa kulankhula ndi munthu.

M'chaka cha 1986 zinthu zinasowa. Sopo, shuga, mafuta, zonse zinali za pamzere, ngakhale pepala lenilenilo linkavuta. Pamsika wa Chongwe panali mayi wamasiye, a Dailes, wogulitsa zitumbuwa. Mlamu wawo, yemwe ankagwira ntchito m'nyumba ya mzungu ku Lusaka, anawabweretsera buku lotayidwa lopanda chikuto, ndipo iwo ankang'amba tsamba limodzilimodzi kukulungira malonda awo.

Tsiku lina a Greenwell, pochokera kogula misomali, anagula chitumbuwa. Pa pepala lamafutalo maso awo anagwera pa mawu akuti seminale. Anawerenga ataimirira. Mnyamata wophunzira zaunsembe wapezeka atafa m'tchalitchi, manja atamupindira bwinobwino pachifuwa, ndipo aka sikanali koyamba. Tsamba linathera pakati pa chiganizo. Chitumbuwa chinazizirira m'manja.

"Ba Dailes, nipaseniko buku yonse," anatero.

"Nanga ine nizamangira mu chani? Mufuna pepala, gulani chitumbuwa," anayankha a Dailes. Kenako chidwi chinawagwira. "Kansi mwalembedwa chani, kuti muiwale kudya?"

A Greenwell anafotokoza. Amayi a tomato ndi a kapenta anasendera. Pofika Lamlungu masana, mapemphero atatha, anthu asanu ndi awiri anatulukira pakhomo pawo opanda bango, kudzamva zotsatira. Anakhala pa matabwa a mabokosi osadandaula. Mlungu womwewo a Greenwell anakhoma mabenchi atatu, n'kuwapala mpaka kusalala.

Omverawo anali amitundumitundu. A Nelesi, mayi wachikulire wa matenda a chifuwa, ankalira mnyamata aliyense ngati wobala okha, n'kumafunsa ngati amake anauzidwa. A Jonas, akatekisiti, ankati kulemba zotere za nyumba ya Mulungu ndi tchimo, koma ankafika moyambirira n'kukhala benchi ya kutsogolo. Ngakhale atcheyamani a chipani anabwerako kawiri, n'kufunsa mwaukali chifukwa chimene apolisi akuchedwera. A Greenwell anayesa kunena kuti nkhaniyi ndi yopeka, koma ndani akanamva? Kwa anthuwo chosindikizidwa ndi makina chinali choona ngati nkhani za pawailesi. Munthu angawononge pepala, m'chaka ngati chimenecho, kulembapo bodza?

Masamba ena ankapita ndi ogula ena, choncho nkhani inali ndi mabowo. A Greenwell ankatseka mabowowo ndi zimene ankakumbukira: fungo la polishi m'makonde, nyemba zofumbwa za Lachisanu, kuzizira kwa simenti pa mawondo. Anaikamonso mnyamata wina yemwe m'bukumo munalibe, woimba belu, wofatsa, wotsimphina, amene anzake sankamuitana ku mpira. Za ameneyu ankafotokoza mosathamanga. Kwa zaka makumi awiri munthu anali asanawafunsepo za moyo umene uja, ndipo tsopano anthu ankaumvetsera kukamwa kuli yasa. Kunena zoona, a Greenwell anali asanakondwepo chotere.

Tsamba lomaliza linawapeza Lachinayi lina, litakulunga zitumbuwa ziwiri. Wakupha uja anali dokotala amene ankabwera kudzaona odwala. Anafa anyamata atatu, dokotala n'kugwidwa, nkhani n'kutha. A Greenwell anakhala pa benchi yawo nthawi yaitali. Akanena zimenezi Lamlungu, anthu aomba m'manja, apita, ndipo adzabweranso ndi bango basi. Anapinda tsambalo n'kulibisa m'buku la mapemphero.

Lamlungu limenelo anapha mnyamata wachinayi. Anamupatsa nkhope ya mnzawo wina wakale, wa mano otalikirana. Lamlungu linalo anapha wachisanu, ndipo anthu anachuluka mpaka ena kukhala pansi. Mtima unkawatsutsa, koma akaona mabenchi atadzaza ankati kamodzi kokha aka. Anapha onse amene ankawakumbukira. Woimba belu yekha ndiye anawakanika kupha.

Tsiku limene wachisanu ndi chiwiri anafa, a Jonas anatukula dzanja n'kuyamba kupinda zala.

"Imani, ba Greenwell. Munakamba kuti mu kilasi munali anyamata eyiti. Afa seveni. Ndiye kuti wasala ni uja wa belu."

"Uja wosimphina," anatero a Nelesi, akupukuta misozi. Atangotero maso awo anatsikira pa mwendo wa a Greenwell. Maso a onse anatsikira pomwepo.

A Dailes ndiwo analankhula, motsitsa mawu, ndipo sikunali kuwaneneza, kunali kufunsa ndithu. "Buku inasila kudala, ba Greenwell, sipanasale na pepala imodzi. Mwezi wonse nimangira mu manyuzi. Manje izi muzichosa kuti?"

A Greenwell anayang'ana pansi. Akanati ndapeka, akanakhala munthu wopha ana a eni ake ndi pakamwa kuti apeze ocheza nawo, ndipo manyazi omwe aja a zaka makumi awiri anawatsekanso pakamwa. Anthu anaganiza okha zotsalazo: zosalembedwa pa pepala amazidziwa ndi amene analipo, ndipo munthuyu anabwerako ku seminale osanena chifukwa. Ananyamuka mmodzimmodzi, osatsazika.

Apolisi sanabwere, ndipo palibe amene anawatukwana. Anthu ankangopatuka akakumana nawo m'njira. A Greenwell anatenga tsamba lija kupita nalo kwa a Jonas, koma akatekisiti anati maso akuwavuta masiku ano. Anapita nalo kumsika.

"Onani apa, ba Dailes. Ni dokotala. Vinalembedwa."

"Ine Chizungu siniwerenga," anatero a Dailes, osayang'ana. Anakulunga chitumbuwa mu nyuzipepala n'kuchiika kumapeto kwa tebulo, osati m'manja mwawo ngati kale.

Lamlungu anasesabe pabwalo n'kuyala mabenchi atatu aja pamthunzi. Anadikira mpaka mthunzi unachoka pa mabenchiwo. Kenako anafunyulula tsamba lamafuta lija n'kuliwerenga mokweza, akumasulira mzere ndi mzere, mpaka pamene dokotala anamangidwa. Nkhuku zokha ndizo zinkapalasa mu utuchi.

Patapita milungu itatu amuna awiri anafika ndi bango, n'kuima chapatali. Chifuwa chija chinali chitawatenga a Nelesi. Matabwa anali atasowa dera lonse la Chongwe, ndipo m'shedi munalibe ngakhale limodzi. A Greenwell anatenga bangolo n'kuligoneka pa benchi ya pakati, imene mayiwo ankakonda kukhalapo. Linakwana ndendende. Anatembenuza benchiyo miyendo m'mwamba n'kuyamba kuzula misomali.